Disiki Yofunda

1. Bokosi la pamwamba pa kabati

Kwathu tinabadwa awiri tsiku limodzi. Mnzangayo ndiye anatsogola, choncho ankamutcha Wamkulu, ine Wamng'ono. Anatsogolanso pochoka. Anangodandaula mutu kwa masiku ochepa, n'kupita osatsanzika. Ine ndinasiya koleji, chifukwa m'kalasi ndinkangoyang'ana khoma, komanso Amayi anali atatsala okha m'nyumba.

Mawu athu anali amodzi. Ndikafika pakhomo n'kunena kuti "Odi," Amayi ankadzidzimuka. Akaona kuti ndi ine, nkhope ankaikonza msanga, koma ine ndinkakhala nditaona kale. Ndinasiya kuodira. Ndinkangokhosomola.

Tsiku lina m'mawa akundisitira malaya anati, "Mawu ndi omwewo, koma kuseka ayi. Iwe umaseka ngati ukupepesa. Uja ankaseka ngati dziko lonse ndi la bambo ake."

Atapita kuseri kukayanika zovala, ndinalowa m'chipinda cha Wamkulu n'kutsitsa bokosi lake pamwamba pa kabati. Ndinkadziwa kuti chichokereni kumaliro palibe amene analikhudza. Munali nsambo za gitala, nsapato, ndi hadi disiki yake yakuda, yokwana m'chikhatho. Mmenemo ndi momwe ankasungamo nyimbo zake ndi mavidiyo a panyumba. Kwina kulikonse kunalibe mawu ake, poti foni yake inasowa kuchipatala.

Ndinaganiza zopita nayo kuntchito, ndikatulutsemo kuseka kuja, ndiwabweretsere Amayi. Chingwe chake ndinachifunafuna m'bokosimo, koma munalibe.

Nditaigwira disikiyo, inali yofunda. Yofunda ngati dzira limene nkhuku yangolichokera. M'chipindamo simulowa dzuwa.

Ndinaiponya m'thumba n'kutuluka osacheuka.

2. Manda a Malume

Ndimagwira ntchito kwa Malume, mlongo wawo wa Amayi, amene amakonza makompyuta. Malo awo ali kumapeto kwa likole lalitali m'nyumba yakale yosanja, kupitirira telala ndi wosula makiyi. Mulibe zenera. Muli getsi limodzi lalitali limene limalira ngati udzudzu, ndipo kaya kunja ndi m'mawa kaya masana, mmenemo kuwala n'kumodzimodzi.

Kukhoma kuli shelefu ya madisiki akufa. Malume anawandandalika m'mizere, iliyonse ndi kachigamba koyera pamphumi. Malume amapatcha pamenepo kumanda.

Ndinatenga chingwe cha pamalopo n'kulumikiza disiki ya Wamkulu. Inazungulira mkati, *fuuu*, ngati munthu wopuma ali m'tulo. Pa sikirini panatuluka dzina limene mwini wake anaipatsa: ZANGA OSAKHUDZA. Ndisanagwire n'komwe, dzinalo linazimiririka.

Ndinazula, n'kulumikizanso. Linabwera, linapita.

Nditafuna kuyesanso, Malume anandimenya kadzanja.

"Basi! Ukuyesa belu la pakhomo limenelo?"

Ndinawauza mwini wake. Anavula magalasi, n'kukhala kanthawi akuwapukuta pamalaya ngakhale anali oyera kale.

Ine ndinayamba kufufuza pa intaneti, ndipo posakhalitsa ndinapeza. M'disiki iliyonse muli timalangizo tobisika timene timaiuza kazunguliridwe ndi kawerengedwe. Timeneti amati femuweya. Opanga madisiki a mtundu umenewu anavomera kuti femuweya yawo inali ndi vuto: disiki ikayatsidwa ndi kuzimitsidwa kambirimbiri imasokonezeka, n'kuyamba kubisala. Anatulutsa femuweya yatsopano yothetsa vutolo.

"Ndaipeza nthenda, Malume," ndinatero. "Mankhwala akenso ndi awa. Ndikangoika yatsopanoyi, itsitsimuka pompano."

Malume anawerenga pa sikirini, milomo ikugwedera. Kenaka anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nane.

"Nthenda waipezadi, mphwanga. Za femuweyazi umazidziwa kundiposa, sindikubisa. Ine ndikanangoti yatopa. Koma tamvera kuno.

"Kuika femuweya yatsopano n'kufufuta nzeru zakale za disiki n'kulembamo zina. Pakati pamenepo pali kamphindi kamene zakale zachoka, zatsopano sizinakhazikike. Pa kamphindi kameneko disiki siidziwa ngakhale dzina lake. Magetsi akangophethira pamenepo, yatha. Ikangobisala pamenepo monga ikuchitiramu, yatha. Zinthu zonse zimakhala zili momwemo, koma chitseko chimatsekeka ndipo kiyi amatsalira mkati.

"Nyumba ikamadontha, suyamba n'kukwera padenga. Umayamba watulutsa ana. Disiki yodwala umayamba waikopera, kenaka ndiye mankhwala. Ndipo pokopera suyambira pamwamba kutsika pansi ngati ukusesa. Umayambira chimene mwini wake angachilire, chifukwa sudziwa kuti ikupatsa nthawi yotalika bwanji. Kuidzutsa kulikonse umachotsera pa moyo wake.

"Taona kumandako. Ambiri mwa amenewo sanafe ndi matenda ayi. Anafa ndi achibale owakonda. Wina anaiika m'firiji poti anamva kwa mnzake. Wina anaigogoda patebulo. Wina anaitsegula ndi mpeni kuti aone chikulira n'chiyani. Onsewo ankabwera muno akulira, n'kumati ndimafuna kuithandiza. Chikondi chothamanga chimapha, mphwanga."

"Nanga tikamakopera n'kufera m'njira?" ndinafunsa. "Femuweya ndi ya kanthawi kochepa. Kukopera n'kwa tsiku lonse."

"Ikafera m'njira, titsala ndi zimene tatulutsa. Ikafera pa femuweya, titsala ndi chiyani?"



Malume anaimirira n'kutenga chikwama chawo cha zida. Batire lalikulu limene limagwirizira makompyuta magetsi akathima anali atalibwereketsa kwa kasitomala wina, ndipo ankapita kukalitenga. Asanatuluke anatsegula dirowa n'kutulutsa disiki ina yakuda, yofanana ndi ya Wamkulu ngati anazidula pa nsalu imodzi.

"Iyi ndi yamoyo, mulibe kanthu, mwini wake anaisiya kalekale. Ndikukudziwa iwe, manja ako ali ndi nyerere. Akakuyabwa, ukandire pa iyi. Inayo usaikhudze mpaka ndibwere. Mwini wake analemba yekha kuti osakhudza."

3. Mapasa patebulo

Ndinatsala ndekha. Ndinatsitsa femuweya ija n'kutsegula pologalamu yake. Pa sikirini panalembedwa kuti ndilumikize disiki.

Patebulo panali ziwiri. Msinkhu umodzi, mtundu umodzi, manambala a kumsana amodzi. Chosiyanitsa chinali kakala kakang'ono pangodya ya disiki ya Wamkulu, pamene anaigwetsera tsiku lina akundithamangitsa.

Getsi linali kuyaka bwinobwino. Chiyambire m'mawa magetsi anali asanagwedezeke. Malume akapita kwa kasitomala amayamba kaye amva za ana onse ndi za apongozi, ndiye ndinadziwa kuti sabwera msanga.

Ndinatola ya kakalayo. Ndinatola chingwe. Ndinachifikitsa pakamwa penipeni pa disiki.

Makina a telala anasiya kulira. M'likole monse munangoti zii. Kunatsala udzudzu wa m'getsi uja basi.

Sikirini inadzithimitsa poti inakhala nthawi osaigwira. M'galasi lakudalo munaoneka nkhope ikundiyang'ana, itapendeketsa mutu monga ankachitira Wamkulu akandipeza ndikuvala nsapato zake. Kumbuyo kwake kunali mizere ya madisiki akufa, tizigamba tawo toyera tili mbuu.

Inali nkhope yanga. Chichokereni iye, ndimameta ndevu osayang'ana pagalasi.

Ndinaika disiki ija pansi pang'onopang'ono n'kuikankhira kutali. Ndinatola inzake yopanda kanthuyo, n'kulumikiza imeneyo.

Inatuluka pa sikirini nthawi yomweyo, yathanzi. Pologalamu inafunsa ngati ndatsimikiza. Ndinavomera. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda kuchokera kumanzere. Pansi pake panali chenjezo lofiira loti ndisazimitse kompyuta.

Kamzere kanafika pakati.

Kunja wosula makiyi anayatsa chinolo chake chachikulu. Getsi linaphethira kamodzi kokha, ngati diso la munthu. Amene anali m'likole mwina sanazindikire n'komwe. Koma kompyuta inathima n'kuyambanso yokha.

Ndinadikira. Disiki ija sinatulukenso. Ndinaiika kukhutu.

*Go. Go. Go.*

Zinkamveka ngati munthu wogogoda chitseko ali mkati. Anagogoda, n'kupuma, n'kugogodanso. Kenaka analeka.

Ndinayesa chingwe china, ndinayesa kompyuta ina. Palibe. Disiki imene m'mawa womwewo inali yamoyo inali itasanduka mwala m'manja mwanga, ndipo pafupi nayo panagona inzake yofanana nayo, yodwala koma ikadalipo.

Ndinakhala pansi pasimenti, manja ndinawapana m'khwapa kuti asakhudzenso kanthu.

4. Ungalire chiti?

Malume anandipeza pomwepo, atasenza batire paphewa. Anayang'ana ine, anayang'ana patebulo.

"Iti?" anafunsa motsitsa mawu.

"Yopanda kanthu ija."

Anatula batire n'kupuma mpweya wautali. Anadula kachigamba koyera, anakamata pamphumi pa disiki yakufayo, n'kukaiika kumapeto kwa mzere.

"Yafera mnzake," anatero. "Dzuka apo. Simenti imeneyo ndimaisesa ndine, usandiwonjezere zinyalala."

Analumikiza batire, anatulutsa fulashi yatsopano, ndipo anatuma mawu kwa wosula makiyi kuti chinolo chake chiyambe chapumula. Kenaka anandipatsa chingwe.

"Ilumikize ndiwe. Ikatuluka usachite chidwi ndi china chilichonse. Undiuze msanga: ungalire chiti?"

Disiki inapuma, *fuuu*. Dzina lija linabwera. Linakhala.

Munali mafoda anayi: Nyimbo, Zithunzi, Kunyumba, ndi ina yongolembedwa kuti Zina. Ndinatsegula Kunyumba. Ndinaiona vidiyo ya tsiku limene Amayi ankamumeta ndi lumo pakhonde n'kumuboola dazi pakati pamutu. Wojambula tsiku limenelo ndinali ine.

"Iyi."

Kamzere kanayamba kukwawa. Kankayenda, n'kuima, n'kuyendanso. Malume anatsegula kawindo kena pambali, kamene disiki imanenamo za thanzi lake, n'kumawerenga chamumtima. Ndinaona nsidze zawo zikukumana. Dzanja lawo linali pa chingwe.

Kamzere katatsala pang'ono kufika, ndinamva. *Go.*

"Malume."

"Ndamva. Khala chete."

*Go. Go.*

Kamzere kanaima. Kenaka kanalumpha kamodzi n'kufika kumapeto. Malume anaitsanzika disikiyo pa kompyuta monga zimafunikira, anadikira kuti ileke kuzungulira, n'kuzula.

"Kwa lero yatipatsa zokwanira," anatero. "Mwina idzadzukanso kamodzi. Mwina ayi."

Tinatsegula vidiyo ija pa fulashi. Kuseka kwa Wamkulu kunadzaza chipinda chopanda zeneracho, kunagunda makoma, kunadutsa pamwamba pa madisiki akufa. Anaseka mpaka kugwa pampando, tsitsi lili mbwee pamapewa, Amayi akumukalipira kuti akhazikike angamudule khutu. Malume anatuluka, akuti akukaona ngati kukubwera mvula. M'likole lathu simuoneka mitambo.

Atabwerera anakhala pansi n'kuloza disiki.

"Wati imeneyi inali kuti?"

"M'bokosi, pamwamba pa kabati. Chichokereni kumaliro."

"Mphwanga, disiki imawerenga yokha nthawi iliyonse imene yayatsidwa, ndipo pa zimenezo sinama. Iyi ndinamugulitsa ndine ili yatsopano, atatsala pang'ono kudwala. Sanakhale nayo nthawi. Koma apa ikunena kuti yadzutsidwa mazanamazana. N'chifukwa chake nthenda ya femuweya yaigwira msanga. Chinthu ichi sichinagone m'bokosi ayi. Alipo amene wakhala akuchidzutsa."



"M'mawa uno nditaitola inali yofunda," ndinatero.

Malume anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayesa kumwetulira, koma sizinatheke.

"Ine ndimakonza za mawaya," anatero. "Zinazo si zanga. Disikiyi isiye pano. Tenga fulashi, pita kunyumba dzuwa likadalipo."

5. Chingwe cha kuseri kwa wailesi

Ndinapeza chitseko chili pululu. Zovala zinali zisanaanulidwe. Ndinaiwala kukhosomola, ndinangolowa.

Amayi anakhala pansi pabalaza, kutsogolo kwa wailesi yakanema. Galasi lake linali kungowala mtundu wa mtambo, popanda chithunzi. Bokosi la Wamkulu linali chafufumimba pamkeka, nsapato uku, nsambo za gitala uko. M'manja mwawo munali chingwe chakuda, ndipo mbali ina ya chingwecho inalowa kuseri kwa wailesi.

Sanatembenuke.

"Wamupititsa kuti?" anafunsa.

Ndinagwada pambali pawo. "Amayi, ndinu amene mwakhala mukuiyatsa?"

"Anandiphunzitsa yekha. Anati apa mulowetse apa, kenaka mudine kabatani aka." Anapotokola chingwe chija pachala. "Iwe ukangotuluka, ndimakwera pampando n'kumutsitsa. Ndimagwira ntchito zanga iye akuyankhula. Ndikamva ukukhosomola panja, ndimazula msanga n'kubisa. Masiku ano wayamba kukana. Amabwera, n'kuthawa. Lero ndinalawirira iwe usanadzuke, ndinayesa, ndinayesa, mpaka ndinatopa."

"Simunandiuze bwanji?"

"Ndikuuze chiyani? Kuti mayi ako amacheza ndi kabokosi, mwana wamoyo ali naye m'nyumba? Ukanamva bwanji?"

Ndinafuna kuwauza kuti kuyatsayatsa kuja ndi kuzula kothamanga kuja ndi kumene kunaidwalitsa. Mawuwo anafika pakamwa, ndinawameza. Ine mwini ndinatsala pang'ono kuipheratu tsiku lomwelo, chifukwa cha chikondi chomwecho.

"Ikudwala," ndinatero. "Ili kwa Malume. Koma ndabwera ndi ichi."

Ndinachotsa chingwe chija n'kulowetsa fulashi. Khonde lathu linatuluka pagalasi. Lumo linalira, dazi linaoneka, ndipo Wamkulu anayamba kuseka.

Amayi anagwira pakamwa. Mapewa awo anagwedezeka, sindinadziwe ngati n'kulira kapena kuseka, mpaka anati, "Taonani mutuwo, ngati munda wolima waulesi!" Ndinaseka nawo. Anatembenuka n'kundiyang'ana, ndipo ulendo uno nkhope sanaikonze. Anandigwira dzanja.

"Iyi siidzathawanso," ndinawauza. "Ndiikopera malo ambiri. Muziionera ngakhale ine ndili pompano."

Vidiyo itatha anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu.

"Ika ina ija tsopano."

"Iti?"

"Ija akuyankhula ndi iwe."

Ndinawayang'ana.

"Ili kumapeto, mmene analembamo kuti Zina," anatero. "Wakhala pabedi lake, wavala malaya amene anapita nawo kuchipatala. Amayamba n'kunena kuti, 'Wamng'ono, tayamba wakhala pansi.' Imeneyo ndiye ndimaiopa, koma ndi imene ndimaiyatsa kwambiri." Anayang'ana fulashi, anayang'ana ine. "Sunaitulutse?"

"Tinatulutsa imodzi yokha, Amayi. Sindinadziwe kuti iliko."

Chingwe chija chinagwa m'manja mwawo.

"Akunena chiyani?" ndinafunsa.

Anapukusa mutu. "Si mawu anga amenewo. Ndikanena ine, ndiwaononga. Ndinkadikira tsiku loti mtima wako ulimbe, ndiye ndikuitane tikhale tonse. Ndinadikiritsa."

Ndinatuluka pakhonde pamene Wamkulu anagwera pampando tsiku lija, n'kuimbira Malume. Foni inaitana nthawi yaitali asanayankhe.

"Malume, disiki ija musaiike kumanda."

"Sindinaiike. Ili patebulo, ndaifunditsa nsalu. Kwagwanji?"

Ndinawafotokozera.

"Mvetsa, mphwanga," anatero. "Kugogoda kuja si femuweya yokha ayi. Kadzanja kowerenga mkatimo kayamba kufooka. Tikaidzutsa mawa, uwerengere kuti n'komaliza. Sipadzakhala nthawi yotsegula mafoda n'kumasankha ngati tili pamsika. Pafunika munthu woti ikangotuluka aloze ndi chala kuti ndi iyi."

Ndinacheuka. Kudzera pakhomo ndinaona Amayi akubweza zinthu za Wamkulu m'bokosi, chimodzichimodzi. Chiikireni maliro anali asanapondeko kunja kwa mpanda wathu.

Anaimirira, ananyamula nsapato zawo zoyendera zimene zinali zitachita fumbi kuseri kwa chitseko, n'kuyamba kuzipukuta.